Mpanda wa privet kuno kunyanja: mafunso ndi mayankho

Mitambo ikangoyamba kusonkhana cha kumapeto kwa Novembala, pa nazale yathu kuno ku Salima pamayamba kufika anthu foni ili m'manja. Amationetsa chithunzi cha mpanda wobiriwira, wometedwa mosalala ngati tebulo, umene anauona ku Lilongwe kapena pa Facebook, n'kunena kuti, "Achimwene, ndikufuna wotere." Mafunso awo amakhala omwewo chaka ndi chaka. Tawalemba pano pamodzi ndi mayankho amene timapereka tili chilili pakati pa machubu.

Kodi privet ndi kamtengo kachikasu kaja kadzaza m'mipanda ya m'tauni?

Nthawi zambiri ayi. Ambiri amene amabwera akutchula privet amakhala akuloza duranta, ndipo ndi bwino kusiyanitsa musanatulutse ndalama.

Duranta kwawo ndi ku mayiko otentha a ku America. Maluwa ake ndi obiriwira ngati thambo kapena ofiirira, zipatso zake n'zachikasu cha lalanje zolendewera m'timagulu, ndipo ikakula ina imatulutsa minga. Privet ilibe minga ngakhale umodzi. Masamba ake ndi osalala m'mphepete, amamera awiriawiri moyang'anizana, maluwa ake ndi oyera a fungo lamphamvu, ndipo zipatso zake zikapsa zimada ngati nthudza zing'onozing'ono. Akatswiri a zomera amaitchula kuti Ligustrum, ndipo ili pa ubale ndi mtengo wa azitona.

Mitundu yake ilipo yambiri. Umene umadziwika kwambiri pa mipanda ndi Ligustrum ovalifolium wochokera ku Japan, ndipo uli ndi mtundu wina wa masamba a mphepete zachikasu, umene umachititsa kuti anthu aziusokoneza ndi duranta. Ligustrum sinense wa masamba ang'onoang'ono ndi wa ku China. Ligustrum lucidum nawonso ndi wa ku China, koma uwu ukaulekerera susanduka chitsamba, umasanduka mtengo weniweni wopitirira denga la nyumba.

Nanga imachita bwino kuno kotentha chonchi?

Imamera, koma sitikunamizani kuti imakondwa nako. Kwawo kwa privet kumazizira. Lilongwe ali pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza ali pamwamba kuposa apo, pamene ife a ku Senga Bay, Chipoka, Benga ndi Nkhotakota tili cha m'ma 500 basi. Aliyense amene anatsikapo mapiri a pa msewu wa Lilongwe masana a Okutobala amadziwa pomwe mpweya umasinthira n'kuyamba kuwotcha kumaso. Chomera nachonso chimamva kusintha kumeneko.

Ndiye mpanda umene kumtunda umangokula wokha, kuno umafuna munthu. Zaka ziwiri zoyamba, makamaka miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, ndiyo imagamula mlandu. Mizu ikazama n'kupyola zilimwe ziwirizo, privet imalimba ndipo imapirira ludzu kuposa mmene ambiri amaganizira. Koma ikakumana ndi Okutobala woyamba ili pa mchenga wopanda manyowa, popanda wothirira, mudzapeza timitengo touma tili pa mzere ngati zikhomo.

Malo amene timaiona ikusangalala ndi amene amalandira dzuwa la m'mawa, masana n'kukhala ndi kamthunzi, monga kumbali ya nyumba kapena chapatali pang'ono ndi mtengo wa mango. Pafupi ndi khoma la njerwa loyang'ana kumadzulo masamba amapserera, chifukwa khomalo limasunga kutentha mpaka usiku.

Ndidzafuna mbande zingati?

Bzalani motalikirana masentimita 30 mpaka 45. Ife timakonda 40. Tengani puloti ya mamita 15 mulifupi ndi 30 mulitali: kuzungulira konse ndi mamita 90, ndiye pa masentimita 40 mukufuna mbande 225. Chotsanipo pa geti, koma onjezeraninso zina zapadera zodzapakiza pomwe pafa, chifukwa sizigwira zonse.

Chiwerengero chimenechi chikumbukireni, tikumana nachonso pa nkhani ya madzi.

Ndibzale liti?

Mvula ikakhazikika, osati ya chizimalupsa. Kuno zimenezi zimakhala cha pakati pa Disembala mpaka Januwale. Mukabzala nthawi imeneyo, mbande zimakhala ndi miyezi itatu kapena inayi ya madzi aulere. Bzalani madzulo kapena tsiku la mitambo. Amene amabzala mu Epulo amakhala atasankha okha kusenza madzi kuyambira tsiku loyamba.

Dothi lathu ndi mchenga wokhawokha. Titani?

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndiye tichedwepo.

Musakumbe timayenje tating'ono tongokwana chubu. Kokani chingwe, mukhome zikhomo, mukumbe ngalande imodzi yoyenda mzere wonse wa mpanda, yotambalala masentimita 40 kapena 50, yakuya chimodzimodzi. Dothi lapamwamba muliike mbali ina, lapansi mbali ina. Sakanizani lapamwambalo ndi manyowa owola bwino a ng'ombe kapena a mbuzi, kapena kompositi. Pa mchenga wa kugombe musaumire: ndowa imodzi ya manyowa pa ndowa ziwiri za dothi si zambiri. Ngati mungapeze dothi lakuda la kudambo kapena la pachulu chakufa, thiranimo, limathandiza mchenga kugwira madzi. Madeya a mpunga owola nawonso ndi abwino, ndipo kuno sasowa pa zigayo za mpunga.

Manyowa akhale owoladi. Aawisi amatentha mizu ndiponso amaitana chiswe. Mukagwira m'manja azikhala ozizira, ofumbutuka, osanunkha khola.

Bwezerani dothilo m'ngalande koma musadzaze mpaka pamwamba. Siyani kakhwawa ka masentimita 5 kuti madzi othirira aziima pa mizu m'malo mothawira pa bwalo. Pobzala ng'ambani chubu, musachikoke, ndipo mbande ilowe pansi kulekeza pomwe dothi la m'chubu linalekeza.

Anzathu a m'madambo, kumene kuli makande amene amang'ambika m'chilimwe n'kusanduka phala m'dzinja, nkhani yawo ndi yosiyana. Privet imadana ndi kuima m'madzi masiku ambiri, mizu imaola. Kumeneko musasiye kakhwawa. Kwezani mzere ngati wa chinangwa kapena wa mbatata, mubzale pamwamba pake. Ndipo ngati pabwalo panu pamasefukira chaka chilichonse moti mumaoloka mutakwinya zovala, privet isiyeni.

Madzi imamwa ochuluka bwanji?

M'dzinja mvula ikugwa bwino simuthirira. Ikadula kwa sabata yathunthu, monga imachitira nthawi zina mu Januwale kapena Febuluwale, thirirani. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kawiri pa sabata n'kokwanira, koma musanyengedwe ndi kuzizira: mwera umaumitsa masamba ndi dothi mwakachetechete. Kukatentha, pa mchenga, mbande za chaka choyamba zimafuna madzi katatu pa sabata.

Tsono tiwerengere limodzi. Ndowa ya malita 20 ikwanira mbande zisanu. Mbande 225 zija ndi ndowa 45 pa kuthirira kumodzi. Ngati madzi anu ndi a pa mjigo wa m'mudzi, pomwe amayi amaima pa mzere kuyambira mbandakucha, ganizirani kaye amene adzasenze ndowa zimenezo ndiponso zimene anzanu a pa mjigo adzanene. Ngati ndi a pa mpopi, bilu idzakuuzani yokha. Walira mvula walira matope. N'chifukwa chake ambiri timawalangiza kuyamba ndi mbali ya kutsogolo kokha, mamita 15 aja, kumbuyo n'kuika zomera zina.

Kuthirira kwambiri mwa apo ndi apo kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse. Madzi akalowa pansi mizu imawatsatira, akangonyowetsa pamwamba mizu imakhalanso pamwamba pomwepo n'kupsa ndi dzuwa. Phimbirani ndi udzu wouma kapena masamba, koma musagunditse pa tsinde. Madzi otsukira mbale ndi osamba angagwire ntchito mpanda ukakula, bola asakhale a mankhwala oyeretsera zovala kapena a mchere wambiri. Zitsime zina za kuno madzi ake amamveka kamchere. Mukaona m'mphepete mwa masamba mukupserera chonsecho mukuthirira, kayikirani madziwo.

Ndingathe kupanga mbande ndekha osagula?

Mungathe, ndipo ngakhale tikudzidulira malonda, tikuuzani. Privet imagwira mosavuta kuchokera ku nthambi. Pemphani kwa munthu amene ali nayo pa tsiku limene akumeta. Sankhani nthambi za chaka chomwecho zimene zayamba kukhwima, zosafewa kwambiri komanso zosauma, muzidule masentimita 10 mpaka 15, mudule pansi pa mfundo. Chotsani masamba a m'munsi, musiye awiri kapena anayi pamwamba. Zikani theka lake m'chubu cha dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, muike pa mthunzi, dothi lizikhala lonyowa koma osati matope. Pakatha milungu 6 mpaka 8 zambiri zimakhala zitatulutsa mizu. Zisiyeni m'chubumo miyezi ina itatu kapena inayi, ndipo milungu yomaliza muzizizoloweza dzuwa pang'onopang'ono.

Kuti zidzakumane ndi mvula ya Disembala, yambani mu Juni kapena Julayi kukuzizira. Nthambi zozika mu Okutobala zambiri zimauma zisanagwire.

Bwanji mpanda wanga uli ndi masamba kumwamba kokha, pansi nkhuku zikungodutsa?

Chifukwa munaumvera chisoni. Pafupifupi aliyense amatero. Mbande ikuthamangira kumwamba, mtima ukukondwa, ndiye munthu wa ku nazale akuti dulani? Koma mmera mpoyamba. Privet imaphukira pomwe yadulidwa. Ikapanda kudulidwa ikadali yaing'ono imakwera ndi tsinde limodzi kapena awiri, ndipo pansi pamatsala miyendo yokhayokha.

Mbande zikagwira, patatha milungu ingapo chibzalire, ziduleni kutsala masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi. Zimaoneka ngati mwawononga, ndipo akunyumba adzakufunsani. Zikaphukira n'kukwera, dulaninso theka la zimene zaphukazo. Muzitero chaka chonse choyamba, mpanda uzikwera pang'onopang'ono ngati njerwa, mzere pa mzere. Pofika chaka chachitatu mumakhala ndi mpanda wofika m'chifuwa, wothithikana kuyambira pansi.

China ndi kaumbidwe kake. Pansi pazikhala potambalala kuposa pamwamba, ngati nkhokwe yozondoka kapena chulu. Anyamata ambiri aganyu amameta mosemphanitsa, pamwamba potambalala pansi powonda, chifukwa ndi mmene dzanja limayendera munthu akaimirira. Zikatero nthambi zapamwamba zimaphimba zapansi, dzuwa silifika, masamba apansi amayoyoka. Kokani chingwe pakati pa zikhomo ziwiri pometa, diso lokha limanama.

Ngati wanu unatha kale kuonongeka, musauzule. Privet imapirira kudulidwa mwankhanza. Kumayambiriro kwa mvula uduleni wonse kutsala masentimita 30, muthire manyowa, muyambirenso monga tafotokozera. Osachita zimenezi m'chilimwe.

Ndizimeta kangati, ndi chiyani?

M'dzinja mwezi uliwonse kapena pakatha milungu 6, m'chilimwe mwa apo ndi apo. Mu Okutobala ndi Novembala musamete mozama, chifukwa masamba am'kati amene anazolowera mthunzi amapsa tsiku lomwelo. Gwiritsani ntchito sizasi yaikulu ya maluwa yonoledwa bwino. Chikwanje chimaphwanya nthambi m'malo modula, ndipo mabala ake amauma n'kuda.

Feteleza ndi wofunika?

Manyowa kamodzi pa chaka, mvula ikamayamba, amakwana. Masamba akayamba kuyezuka mungathire pang'ono feteleza wokulitsa yemwe timathira ku chimanga, dothi lili lonyowa, motalikira ndi tsinde. Dzanja limodzi lodzaza likwane mita yathunthu. Urea wambiri amangokupatsani ntchito yometa.

Mbuzi zimadya privet? Ena akuti ndi poizoni.

Zonse ziwiri n'zoona. Masamba ndi zipatso za privet zili ndi poizoni. Munthu akadya zipatso zake amamva m'mimba, amasanza ndi kutsegula, ndipo ziweto zikadya masamba ambiri zimadwala. Koma mbuzi ya mu Okutobala, imene yatha mapesi onse m'minda ndipo ikudya makatoni pa msika, sifunsa. Imabudula nsonga, ndipo ngakhale isadye zambiri, mbande yaing'ono ikabudulidwa kawiri katatu m'chilimwe imafa.

Kuno anthu akangokolola ziweto zimamasulidwa, ndiye mpanda wanu wamoyo umafuna mpanda wina woulondera. Mangani wa bango, wa tsekera kapena wa minga kunja kwake kwa zaka ziwiri. Tinaphunzira zimenezi ndi misozi: chaka china tinabzala mzere wonse kutsogolo kwa nazale, tinkati waya tigula mwezi ukatha, ndipo mbuzi za m'dera lino sizinadikire malipiro athu.

Zometa musaponyere m'khola, ngakhale la akalulu. Ziikeni pa dzenje la kompositi. Pakhomo pa ana aang'ono, musalole mpanda kubereka zipatso, chifukwa zimafanana ndi zipatso zakutchire zimene ana amatola. Mwana akadya, pitani naye kuchipatala mutatenga kanthambi kake. Chenjezo lomweli likukhudzanso duranta, zipatso zake zokongola zija nazonso ndi poizoni.

Ndamva kuti m'mayiko ena inaletsedwa. Zoona?

Mitundu ina, inde. Ku South Africa mitundu ingapo ya privet ili pa mndandanda wa boma wa zomera zobwera zimene zimalanda malo a zomera zachilengedwe. Ku Australia, ku New Zealand ndi kumwera chakum'mawa kwa United States akulimbana nayo m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje. Njira yake ndi yosavuta kumva: mbalame zimadya zipatso, n'kukataya njere kutali, ndipo mbande zake zimakula ngakhale pa mthunzi mpaka kutsamwitsa mitengo ya komweko.

Ife Amalawi nkhani yotere si yachilendo. Namasupuni amene amavutitsa pa mtsinje wa Shire ndi chomera chobwera cha maluwa okongola, ndipo lantana amene wadzaza m'mbali mwa misewu anafalikira m'mayiko ambiri ngati duwa la pakhomo. Mwayi wake ndi woti mpanda wometedwa pafupipafupi suchita maluwa ambiri, ndiye subereka. Vuto limayamba nyumba ikasiyidwa, mpanda n'kusanduka tchire. Ngati malo anu ali m'mbali mwa mtsinje monga Linthipe, Bua kapena Kaombe, kapena moyandikana ndi nkhalango ya Nkhotakota, ife tingakonde mutasankha chomera china. Ligustrum lucidum ndi sinense ndiwo amatchuka kwambiri ndi khalidwe limeneli.

Pali chifukwa chinanso chometera maluwa asanamasule. Fungo lawo ena limawapatsa chimfine ndi kuyetsemula, ndipo a mphumu amadandaula nalo. Musaubzale pansi pa windo la chipinda chogona.

Chiswe ndi tizilombo tina?

Chiswe chimakonda chomera chimene chafooka kale ndi ludzu, choncho mankhwala oyamba ndi madzi. Udzu wophimbira usagunde tsinde, ndipo muziuvundukula nthawi ndi nthawi kuona pansi. Ena amawaza phulusa mozungulira. Nsabwe za zomera ndi tizilombo toyera tokhala ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timabwera pa nsonga zanthete; mukaona nyerere zikukwera ndi kutsika, yang'anani kuseri kwa masamba. Madzi a sopo pang'ono, kapena masamba a nimu osinja oviikidwa usiku wonse, opopera madzulo, amathandiza. Nimu kuno ngwosasowa.

Sudzaitana njoka ndi udzudzu?

Udzudzu umaswana m'madzi oima, osati m'masamba, ngakhale masana umabisala m'malo a mthunzi. Neti musaisiye chifukwa cha mpanda, kaya ulipo kaya palibe. Njoka imatsata mbewa, achule ndi zinyalala. Pansi pa mpanda pazikhala posesa, popanda milu ya njerwa kapena zinyalala za kukhitchini.

Ndibzale pamalire penipeni?

Ayi. Lowani mkati mwa malo anu theka la mita kapena kupitirirapo. Mpanda umafutukuka, ndipo mudzafunika poima pometa mbali yakunja popanda kuponda mbewu za eni ake. Musanakumbe, aitaneni aneba aone pomwe chingwe chadutsa, ndipo kumudzi ndi bwino amfumu kapena nduna yawo akhalepo. Milandu yambiri ya malire imayamba ndi mtengo umene wina anabzala yekha m'mawa anzake asanadzuke. Mizu ya privet ndi yadyera, imalanda chinyezi ndi chakudya, ndiye bedi la masamba likhale mita imodzi kuchokera pa mpanda. Ngati nyumba ndi ya lendi, funsani eni ake kaye, chifukwa mpanda sunyamulika posamuka.

Mukanakhala inu, mukanabzala chiyani?

Zimatengera chimene mukufuna kutchinga. Ngati ndi maso a anthu odutsa ndipo madzi muli nawo, privet kutsogolo kwa nyumba ndi yokongola, ndipo kubiriwira kwake kozama duranta sikufikako. Ngati mukufuna kukongola komweko koma madzi ndi ovuta, duranta imapirira kutentha kwa kuno kuposa privet. Bougainvillea, chitsamba choyanga cha maluwa owala, imakonda dzuwa lathu, ili ndi minga, ndipo ikakula sifunanso kuthirira, koma imafuna munthu wosaopa kubayidwa pometa.

Ngati nkhondo yanu ndi ya mbuzi ndi ng'ombe, makolo anatisiyira kale nkhadze ndi khonje. Nkhadze mumangozika nthambi m'chilimwe n'kuiwala, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso. Ukagweramo tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala, ndipo pakhomo pa ana oyenda chokwawa ganizirani kawiri. Kumbuyo kwa nyumba, kumene alendo sakuonako, ife tinabzala chammwamba mothithikana. Sichitchinga maso kwenikweni, ndipo mbuzi zimachikonda kuposa china chilichonse, koma masana ena ndiwo zikasowa mayi a kunyumba amangotuluka ndi lichero.